BAMBO LEONARD KAMUNGU, WANSEMBE WA KUNYANJA AMENE ANAGONA KU MSORO

Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, pamakumana Achewa a maiko atatu, Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo tsiku limenelo malire amene azungu analemba pa mapepala amaiwalika. Nkoyenera tsono kuti m'kabuku kano tikumbukire munthu mmodzi amene moyo wao waufupi unaponda maiko atatu onsewo. Anabadwira ku Mozambique, anatumikira ku Malawi, ndipo mafupa ao agona kuno ku Zambia. Munthuyo ndi Bambo Leonard Mattiya Kamungu, wansembe wa mpingo wa Anglican. Sanali mfumu, sanatsogolere nkhondo, sanasiye ng'ombe ngakhale mwana. Chimene amatchukira nacho ndi ntchito ya zaka ziwiri zokha ku Msoro. Koma wofuna kumvetsa zaka ziwirizo ayenera kuyang'ana zaka pafupifupi 20 zimene zinatsogola, pamene munthuyu ankadzuka m'mamawa tsiku ndi tsiku kuchita zomwezomwezo, popanda womuombera m'manja.

Bambo Kamungu anabadwa cha m'ma 1877 ku Chia, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, tsidya la kum'mawa, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Niassa. Owerenga asasokoneze mudziwu ndi dziwe la Chia la kufupi ndi Nkhotakota, limene lili tsidya lina. Anthu a kumeneko amatchedwa Anyanja chifukwa cha nyanja imene imawadyetsa, koma tsinde lao ndi lathu lomwe, la Amaravi, ndipo olemba mbiri amawatchula Bambo Kamungu kuti Mchewa. Masiku amenewo dziko linali losagoneka tulo. Angoni ankatsika kumapiri kudzafunkha midzi, ndipo zombo za Aluya zinkaoloketsa akapolo kuchokera ku Nkhotakota kupita nao ku gombe la Kilwa. Anthu ankakhala m'malinga, mabwato ali chire.

Mu 1882, mnyamatayo ali ndi zaka ngati zisanu, ansembe awiri a mishoni ya UMCA, William Percival Johnson ndi Charles Janson, anafika kunyanja atayenda pansi kuchokera kum'mawa. Janson anangofikira kumwalira, ndipo anaikidwa ku Chia komweko. Johnson anatsala yekha. Mu 1884 anadwala maso koopsa, nangotsala ndi kuona pang'ono kwa diso limodzi, koma anabwerera kunyanja nagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1928. Mu 1885 mishoni inakhazikika pa chilumba cha Likoma, ndipo sitima yotchedwa dzina la Charles Janson inayamba kuyendera midzi ya m'gombe, kutula aphunzitsi ndi kudzawaonanso. Ambiri mwa aphunzitsi oyambawo, monga Augustine Ambali amene anakhalitsa ku Msumba, anali anthu oomboledwa ku ukapolo ndi kuphunzitsidwa ku Zanzibar. Mwana wa ku Chia anakula akuona mzungu wosaona bwino akutsika m'sitima mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, osatopa. Ndikhulupira kuti phunziro loyamba la kupirira analitenga ndi maso asanalimve ndi makutu.

Mpingo umenewu sunkabatiza mothamanga. Munthu ankayamba ngati womvera chabe. Akaonetsa khama ankapatsidwa kamtanda pamaso pa anthu, ndipo kuyambira pamenepo ankaphunzira ndi kuyesedwa makhalidwe kwa zaka ndithu asanalowe m'madzi. Osabatizidwa ankatulutsidwa m'tchalitchi Misa isanafike pachimake. Ife amene tidziwa chinamwali sitingadabwe nazo: za mkati sauza munthu amene sanakhwime, ndipo wofuna kulangidwa amayamba wadikira pabwalo.

Atadutsa zonsezi Kamungu anatumizidwa ku Zanzibar, ulendo wa masabata ambiri, kukaphunzira ku sukulu ya Kiungani. Kumeneko chiyankhulo chinali Chiswahili, chakudya chachilendo, ndipo nyanja yake yamchere. Tchalitchi chachikulu cha mishoni chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, kumene anthu a kwao ambiri anagulitsidwa. Mmodzi wa aphunzitsi a za unsembe pa zaka zimenezo anali Frank Weston, amene anafika mu 1898 ndipo pambuyo pake anakhala Bishopu wa Zanzibar. Weston ankalimbikira kuti wansembe wachiafrika asasanduke mzungu wakuda, koma akhale moyo wosalira zambiri pakati pa anthu ake, ndi kuti pemphero likhale msana wa tsiku lake.

Apa mpofunika kufotokoza bwino chimene mawu oti pemphero ankatanthauza kwa anthu amenewa, pakuti ndipo pagona nkhani yonse. Silinali pemphero longobwera munthu akakondwa kapena akaona zoopsa. Linali lamulo la moyo. M'mamawa mapemphero oikika ndi Masalmo ake, madzulo chimodzimodzi. Misa kawirikawiri, munthu asanalawe kanthu. Kusala kudya pa masiku ake ndi pa nyengo ya Lenti. Kudzifufuza ndi kukaulula machimo kwa wansembe. Nthawi yokhala chete. Masalmo onse 150 ankatha pa mwezi umodzi, mwezi ukatha nkuyambiranso. Amene anakonza dongosolo lotere ankaudziwa mtima wa munthu. Mtima ndi mkamwini waulesi: masiku oyamba amalawirira kumunda khasu lili paphewa, koma dzuwa likayamba kuwawa sasowa chonamizira. Lero mutu, mawa maliro a kutali, mkuja mvula. Munthu akamayembekeza kuti mtima uyambe wafuna ndipo apemphere, adzapemphera mwezi umodzi pa chaka. Nchifukwa chake anaika nthawi ndi mawu ake, kuti belu likalira munthu agwade, kaya mtima wavomera kaya wakana. Ndipo mtima ukaona kuti madandaulo ake sakusintha kanthu, pang'ono ndi pang'ono umaleka kulimbana.

Kunena nkosavuta. Ku Kiungani belu linkaimbidwa ndi wina, ndipo anzako akadzuka nawenso umadzuka. Mayeso enieni anadza pamene Kamungu anakhala woimba belu iwo eni.

Mu 1902 Bishopu Gerard Trower anawadzoza udikoni, ndipo anatumizidwa ku Lungwena, kumwera kwa nyanja, m'boma limene lero ndi Mangochi. Limeneli ndi dziko la Ayao, kumene Chisilamu chinali chitazika kale mizu, mafumu ndi anthu ao ali ndi mapemphero ao asanu pa tsiku ndi kusala kwao kwa Ramadani. Sanali anthu osowa chipembedzo oti angothamangira chatsopano. Kumalo otere mlaliki amaphunzitsa ana ochepa, ena nkuleka, ena nkuletsedwa ndi makolo, ndipo chaka chimatha zokolola zosadzaza nkhokwe. Kuonjeza apo, dikoni alibe mphamvu yochita Misa kapena kumasula olapa. Munthu amene anaphunzitsidwa kuti Misa ndiye chakudya cha mzimu wake ankayenera kudikira kufikira wansembe atabwera pa sitima. Pakati pa maulendo amenewo panali iwo, buku lao la mapemphero, ndi mtima wao.

Amene tinagwirapo ntchito ya boma kumadera akutali tidziwa mmene munthu amasukulukira akakhala kopanda womuyang'anira. Sayamba ndi cholakwa chachikulu ayi. Amayamba ndi kutsegula ofesi mochedwa pang'ono, pakuti palibe aone. Kenaka kalata ya lero iyankhidwa mawa. Pomaliza munthu uja watsala dzina lokha pa chitseko. Za mzimu nazo zimafa motero, mwakachetechete. Maganizo amanong'oneza kuti ntchito yachuluka, pemphero lidikire; kuti anthu ake sakumva, kulimbikiranji; kuti kwanu kuli abale ndi nsomba, ukuzunzikiranji kuno. Maganizo otere savala nkhope ya mdani, amabwera ngati mnzako wanzeru wokufunira zabwino. Bambo Kamungu anakhala pa udikoni zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mpingo umene unkapenyetsetsa atumiki ake achikuda ndi diso lokayika sunawapeze atasukuluka.

Za diso lokayikalo tisazibise. Mishoni za masiku amenewo zinkachedwa kwambiri kukhulupirira munthu wakuda pa udindo. Mnyamata wochokera ku England ankakhala dikoni chaka chimodzi nkulandira unsembe, pamene mwana wa kunyanja ankayesedwa ndi kuyesedwanso. Kudikira kotere kumabala zipatso ziwiri: ena amawawidwa mtima nachoka, ena amasanduka okondweretsa bwana. Bambo Kamungu sanachoke, ndipo zimene anachita pambuyo pake ku Msoro, ali kutali ndi mzungu aliyense, zionetsa kuti sankagwirira diso la munthu.

Atachoka ku Lungwena anatumikira ku Nkhotakota, mudzi waukulu wa a Jumbe, kumene David Livingstone anakambirana ndi Jumbe pansi pa mtengo mu 1863 za kuleka malonda a akapolo. Mishoni inayamba kumeneko mu 1894, ndipo m'tchalitchi chake ndimo munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895 asanayambe nkomwe ntchito ya ubishopu. Nakonso Chisilamu chinali champhamvu. Mu 1909 Bishopu Trower anawadzoza unsembe. M'dayosiziyo munali kale ansembe achikuda, Yohana Abdallah wa ku Unangu amene anali Myao, ndi Ambali uja wochokera kugombe la kum'mawa, koma mwa ana a m'mphepete mwa nyanja enieni, woyamba anali Kamungu.

Pali chinthu china chimene chiyenera kukambidwa mwaulemu pamaso pa akuluakulu. Bambo Kamungu sanakwatire. Azungu a UMCA ankabwera osakwatira, koma ansembe ndi aphunzitsi achikuda ankaloledwa kukhala ndi mabanja, ndipo ambiri anali nao. Kusakwatira kwao tsono kunali kosankha okha. Mchewa aliyense adziwa kulemera kwa chosankha chotere. Kwathu mwamuna wosakwatira, ngakhale imvi zitamera, amaonedwa ngati sanakule. Alongo ake amadandaula, amalume amafunsa, ndipo anthu kumbali amanong'onezana mawu amene sitingalembe m'kabuku ka alendo. Munthu womwalira wopanda mwana amaliridwa kawiri. Ndipo nkhondo imeneyi simenyedwa kamodzi nkutha. Imabwerera madzulo ali onse pamene utsi ukutuluka m'nyumba za anzako ndipo ana akuitanidwa kudzadya.

Komabe tisafulumire kunena kuti zimenezi zinali zachizungu zokhazokha. Makolo athu ankadziwa kuti woyandikira zopatulika amadziletsa. Ku Msinja, Makewana sankakwatiwa monga akazi ena, ndipo matsano otumikira pa kachisi ankadzisunga nthawi yonse ya utumiki wao. Ku Khulubvi, m'chigwa cha Shire, Salima mkazi wa Mbona ankakhala mobindikira. Ngakhale m'mudzi wamba anthu ankadika pa nthawi ya maliro, ya chinamwali, kapena mwana akabadwa, poopa mdulo. Kusiyana kwake nkwakuti kudika kwa m'mudzi kunali ndi tsiku lomasula, ndipo mudzi wonse unkadikira pamodzi. Bambo Kamungu anadika okha, moyo wonse. Ndidziwa kuti mishoni ndi miyambo yathu, makamaka Gule Wamkulu, zinakhala pa mkangano zaka zambiri, ndipo mabala ake ena sanapole. Koma pa nkhani ya kudzigwira, mkulu wa kudambwe ndi wansembeyu akanamvana msanga kuposa mmene tiganizira.

Mu 1910 mpingo wa Anglican unakhazikitsa dayosizi yatsopano ya Northern Rhodesia, ndipo bishopu wake woyamba anali John Edward Hine, dokotala amene anakhalapo bishopu ku Likoma ndi ku Zanzibar. Hine anali ndi dziko lalikulu ndi antchito owerengeka. Kum'mawa kuno malo abwino a kumtunda anali atatengedwa kale: a Dutch Reformed anali ku Magwero kuyambira 1899, kenaka ku Madzimoyo, Nyanje ndi Nsadzu, ndipo a White Fathers anali ku Kachebere kuyambira 1903. Kwa a Anglican kunatsala kuchigwa, kwa Mfumu Msoro, pakati pa Akunda. Mu 1911 Bambo Kamungu anasiya nyanja yao napita kumeneko.

Amene anafikako ku Msoro mwezi wa October adziwa kutentha kwake. Dzinja mitsinje imadzaza, njira nkuduka. Kunali njovu, mikango ndi kashembe, ndipo zaka zomwezo matenda a kaodzera anali atabuka m'chigwa cha Luangwa. Munthu wobadwira pa mchenga wa kunyanja, wozolowera mphepo ya mwera ndi usipa, anapezeka m'nkhalango ya mitengo ya tsanya, pakati pa anthu oyankhula mosiyana ndi kwao. Anamanga tchalitchi, anatsegula sukulu m'midzi yozungulira ndi kuikamo aphunzitsi, ndipo ankayenda pansi kuziyendera. Anthu anabwera ambiri, ndipo pasanathe zaka ziwiri Akunda oyamba anabatizidwa. Zimene zinakanika ku Lungwena zinatheka kuno.

Ena angati pamenepa nkhondo ya mumtima inatha. Ine ndiona mosiyana. Kulephera kumayesa munthu ndi ulesi ndi kutaya mtima, koma kupambana kumamuyesa ndi kutanganidwa ndi kudzitama. Anthu akadzaza pakhomo kuyambira m'bandakucha, wina afuna mankhwala, wina mlandu, wina sukulu m'mudzi mwake, maganizo amapeza chifukwa chooneka choyera chodumphira pemphero: kodi kuthandiza anthu si ntchito ya Mulungu yomwe? Atumiki ambiri agwera pamenepa, osati m'mowa kapena m'chuma, koma m'ntchito zabwino zimene zinadya muzu wake. Chimene anthu a ku Msoro anasunga m'chikumbumtima chao, ndi chimene olemba mbiri ya mpingo amabwerezabwereza, si kuchenjera kwa Bambo Kamungu pa kayendetsedwe ka zinthu ayi, koma kuti anali munthu wopemphera ndi wodzichepetsa, wokhala monga anthu ake ankakhalira. Khalidwe lotere silimera pa zaka ziwiri. Anabwera nalo kuchokera ku Lungwena.

Kumapeto kwa February 1913 Bambo Kamungu anamwalira ku Msoro, ali ndi zaka ngati 36. Mbiri imene yakhala ikukambidwa kuyambira nthawi imeneyo imati anadyetsedwa chiphe ndi wophika wao. Anaikidwa komweko, kutali ndi manda a makolo ao. Chaka chotsatira, mu 1914, Dora Yarnton Mills, mmodzi wa amishoni a ku Zanzibar, anasindikiza kabuku ka moyo wao kotchedwa An African Priest and Missionary, ndipo mu 1971 John Weller analemba lina, The Priest from the Lakeside.

Mishoni ya Msoro sinafe nao. Ntchito ya chipatala imene inakula kumeneko ndiyo inabala chipatala cha St Francis ku Katete mu 1948, chimene alendo opita ku Mkaika amachidziwa bwino. Mu 1995 pamene dayosizi ya Eastern Zambia inakhazikitsidwa, tchalitchi cha St Luke ku Msoro chinakhala likulu lake. Ku Malawi, sukulu yophunzitsa ansembe a Anglican ku Zomba, imene inatsegulidwa mu 2006, inapatsidwa dzina la Leonard Kamungu.

Ife a ku Migodi nafenso tili ndi gawo m'nkhaniyi, ngakhale Bambo Kamungu sanaione Ndola ya lero, ndipo Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936, iwo atagona kale zaka 23. Migodi ya Roan Antelope, Nkana ndi Mufulira itayamba kutulutsa mkuwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, anyamata a Kum'mawa ndi a ku Nyasaland anakhamukira kuno, ena ndi buku la mapemphero m'kathumba. Anapeza moyo wa makomboni, wa mashifiti a usiku ndi mowa wa pa mapeto a mwezi, kopanda mfumu ya mudzi kapena amalume owadzudzula. Anali pa Lungwena wao. Ambiri anatayika, koma ena anagwiritsa. Cha m'ma 1925 ku Ndola antchito achikuda, ambiri a iwo ochokera ku Nyasaland, anayamba kusonkhana okha, kusankha akulu ao ndi kusonkha ndalama zao, popanda mzungu wowatuma, ndipo mpingo wao unadziwika ndi dzina loti Union Church in the Copperbelt. Amishoni anadzagwirizana zotumikira ku Migodi mu 1936, atapeza moto ukuyaka kale. Akhristu a Anglican ochokera ku Msoro ndi ku Likoma analowa m'mipingo ya kuno imene lero ili pansi pa matchalitchi aakulu a Holy Nativity ku Ndola ndi St Michael and All Angels ku Kitwe. Ndipo ku Mindolo, mu Kitwe momwemo, kuli seminale ya St John, kumene anyamata okonzekera unsembe amadzutsidwa m'mamawa ku mapemphero a mtundu womwe uja umene mwana wa ku Chia anaphunzira ku Kiungani.

Wobwerera ku Migodi pochokera ku Mkaika, ngati ali ndi tsiku lapadera ndi galimoto yolimba, angathe kupatuka pa Katete kutsikira kuchigwa. Msewu wake ngwovuta nthawi ya mvula, koma mu August ndi wouma. Ku Msoro akafunse manda a Bambo Kamungu. Anthu a kumeneko adzamulondolera.